Maso a Mphunzitsi wa Njinga Yosachoka Pamalo

Mwa zinthu zimene anthu a m'mizinda ikuluikulu anazitulukira pofuna kusamala matupi awo, ndi zochepa zimene zimadabwitsa mlendo monga chipinda chimene anthu makumi atatu kapena anayi amasonkhanamo mbandakucha, kapena madzulo ataweruka kuntchito, aliyense nakwera njinga yake, napalasa kwa mphindi 45 kufikira thukuta litanyowetsa pansi, koma osachoka pamene anayambira. Njinga zake zilibe matayala oyendera. Zili ndi gudumu limodzi lachitsulo, limene pa njinga zambiri limalemera makilogalamu 18 kapena 20, ndiponso kachitsulo kopotokola kamene kamalemeretsa kapena kupepukitsa mapedulo, kotero kuti munthu angathe kudzipangira chitunda kapena chidikha ali pamalo amodzi. Patsogolo pa onse pamakhala munthu mmodzi woyang'anana nawo, maikolofoni ili pakamwa, ndipo nkhani ino ikunena za iyeyu: chimene chimamuyenereza kutchedwa mphunzitsi, ndi njira zimene luso lake limakulira.

Masewerawa, monga tiwadziwira lero, anayambitsidwa ndi Johnny Goldberg, wodziwika ndi dzina lakuti Johnny G, mbadwa ya ku South Africa imene inasamukira ku California, katswiri wa mipikisano ya njinga ya maulendo ataliatali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pokonzekera mpikisano wa Race Across America, umene opalasa amadutsa dziko la United States kuchokera kunyanja ya kumadzulo kukafika kunyanja ya kum'mawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800, iye anadzipangira njinga yokhazikika m'galaja ya kunyumba kwake, kuti azitha kupalasa maola ambiri popanda kutalikira banja lake, ndi popanda kudziika pangozi ya magalimoto usiku. Mu 1989 anatsegula malo ake oyamba ophunzitsira ku Santa Monica. Pambuyo pake iye ndi John Baudhuin anakhazikitsa kampani ya Mad Dogg Athletics, imene ndiyo mwini wa dzina lakuti Spinning. Ndipo pamene kampani ya Schwinn inayamba kupanga njingazi zambirimbiri mu 1995, masewerawa anafalikira m'nyumba zolimbitsiramo thupi za m'maiko ambiri.

Popeza tsono masewerawa anabadwira m'miyendo ya katswiri, kufikira lero ambiri amene amalowa ntchito yophunzitsa amalowa chifukwa ndiwo anali opalasa amphamvu koposa m'chipindamo; ndipo chikalata chowavomereza, kaya chochokera ku Spinning, ku Schwinn kapena ku kampani ya Keiser, kawirikawiri amachilandira ataphunzira tsiku limodzi kapena awiri okha. Sindikupeputsa maphunziro amenewo, pakuti amaika maziko oyenera. Koma munthu amene watuluka ndi chikalatacho amakhala atangofika pakhomo pa ntchito. Mphamvu ya miyendo yake, imene inamufikitsa patsogolo, ndiyo imene ingamutchinge maso, chifukwa wopalasa wamphamvu anazolowera kumvetsera thupi lake la iye mwini, pamene mphunzitsi amaitanidwa kuti aziona matupi a ena. Ine ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti luso lonse la ntchitoyi lagona pa kusamuka kumeneku: tsiku limene maso a mphunzitsi achoka pa mawondo ake, napita pa mawondo a mayi amene wabisala pa njinga ya kumbuyo, ndilo tsiku limene wayamba kuphunzitsa.

Ntchito ya masowo imayamba nyimbo isanalire. Mphunzitsi wosamala amafika mphindi 15 nthawi isanakwane, nayendera njinga zonse kuona ngati zomangira zili zolimba, kenaka naima pafupi ndi khomo kuti adziwe amene wabwera koyamba. Pakuti mlendo wa m'chipinda chotere sadziulula, amalowa mwakachetechete, nasankha njinga yakutali, ali ndi manyazi a thupi lake ndi mantha akuti onse akumuona. Kumufikira munthu wotere ndi kumuuza kuti, "Takulandirani, mayi; kodi n'koyamba kukwera njinga zoterezi? Pali pamene pamakuwawani, kapena mankhwala amene mukumwa?" ndi chiphunzitso chachikulu kuposa mawu onse amene adzalankhulidwe pa maikolofoni. M'mera mpoyamba. Chishalo chiyenera kufika pa fupa la m'chiuno pamene munthuyo waima pambali pa njinga. Akakwera, pedulo ili pansi penipeni, bondo likhale lopindika pang'ono, madigiri 25 mpaka 35. Ndipo mapedulo awiriwo akalingana msinkhu, lina kutsogolo lina kumbuyo, bondo lakutsogolo likhale pamwamba pa pakati pa pedulo. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteka kutsogolo kwa bondo, chokwera kwambiri chimagwedeza chiuno uku ndi uku, nichikoka mitsempha ya kuseri kwa bondo. Mahandulo a mlendo, a munthu wodwala msana ndi a mayi woyembekezera akhale okwera kuposa chishalo. Ndipo chisanachitike china chilichonse, mlendo aonetsedwe buleki: pakuti pa njinga zambiri zoterezi gudumu likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira, osalola munthu kupumitsa miyendo monga amachitira potsetsereka pamsewu, ndipo amene achotsa phazi mwadzidzidzi pedulo imamumenya msongolo. Pa njinga zambiri kudinikiza kachitsulo kopotokola kaja ndiko kuimitsa gudumu, ndipo wophunzira aliyense ayenera kuyesa zimenezi ndi dzanja lake asanayambe.

Pali chifukwa china, cholemera koposa, chimene mlendo ayenera kusamaliridwa. Minofu imene sinazolowere ikagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso imasweka, nitulutsira m'magazi zinthu zimene zingawononge impso. Madokotala amatcha matendawa rhabdomyolysis. Mu 2017 magazini ya American Journal of Medicine inasindikiza lipoti la madokotala a ku New York amene, atasanthula zolembedwa za m'mbuyo, anapeza anthu 46 amene anadwala matendawa atapalasa njinga zoterezi, ndipo 42 mwa iwo anadwala pambuyo pa phunziro lawo loyamba lenilenilo. Ambiri mwa odwala otere sakhala ofooka ayi. Amakhala anthu athanzi, amtima wofuna kuonetsa kuti angathe, amene gudumu lolemera lija limapitiriza kuwazungulitsa miyendo ngakhale pamene minofu yalema kale. Zizindikiro zake zimaoneka patapita tsiku limodzi kapena angapo: ntchafu zotupa ndi zowawa koopsa, kulephera kupinda mawondo, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka; ndipo woona zimenezi ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chotero mphunzitsi amene amauza mlendo kuti, "Lero musaimirire pamene anzanu aimirira, palasani mopepuka, ndipo mukatopa pakati panjira, imani, palibe amene akuwerengereni," sakumunyoza konse, akumutchinjiriza. Ndikanakonda mawu amenewa akanalankhulidwa m'chipinda chilichonse, tsiku lililonse, mokweza kuti ndi akale omwe amve.

Nyimbo ikayamba, chinthu choyamba chimene maso ayenera kuphunzira kuwerenga ndicho mgwirizano wa liwiro la miyendo ndi kulemera kwa mapedulo. Malangizo a Spinning amanena kuti pa chidikha miyendo izizungulira maulendo 80 mpaka 110 pa mphindi, ndipo pa chitunda maulendo 60 mpaka 80; ndipo pamene njinga ilibe chowerengera, wophunzira angawerenge kukwera kwa bondo limodzi kwa masekondi 15, nachulukitsa kanayi. Manambalawa sanangosankhidwa mwachisawawa, anatengedwa pamsewu. Wakabaza amene akukwera chitunda atanyamula munthu ndi thumba la chimanga safuna womuuza kuti katundu akalemera miyendo imachedwa, ndipo chitunda chikatha imafulumira. Thupi lake limadziwa malire onse awiri, chifukwa msewu sunama. Koma njinga ya m'nyumba ingathe kunamiza mwini wake. Munthu angamasule kachitsulo kaja kotheratu, napalasa maulendo 130 pa mphindi, akudumphadumpha pa chishalo, thukuta lili kamukamu, pamene ndi gudumu limene likumuyendetsa miyendo. Wina angakamange kufikira mapedulo akuyenda movutikira maulendo 45, thupi lonse likupotokola, mawondo akusenza katundu amene sanalengedwere. Onse awiri amadziyesa olimbika, ndipo onse awiri akudzivulaza. Mphunzitsi amene waphunzira kuona chiuno chodumpha, mapewa okwera m'makutu, zigongono zouma ndi zala zofinya mahandulo, amadziwa mawu oyenera kulankhula asanayang'ane pa pepala lake.

Tsono mawuwo akhale otani? Apa mpamene aphunzitsi achinyamata amavutika koposa, pakuti chete amawaopsa, ndipo amadzaza mphindi iliyonse ndi kufuula kwakuti "Limbikani! Limbikani!" kufikira mawuwo atatha mchere. Wophunzira amene akupuma wefuwefu amafuna kudziwa zinthu zitatu zokha: chimene achite, nthawi imene achichite, ndi mmene chiyenera kumvekera m'thupi. "Chitunda chikubwera, cha mphindi 4, onjezani kufikira miyendo ichedwe ifike pa 70, muzitha kulankhula mawu atatu kapena anayi, osati chiganizo chonse." Munthu amene wamva zotere angathe kugawa mphamvu zake mwanzeru, chifukwa akudziwa kumene ulendo ukuthera, koma amene wangouzidwa kuti apereke zonse, osauzidwa kuti ndi kwa masekondi 20 kapena kwa mphindi 5, amasunga mphamvu mwamantha kapena amazimwaza msanga. Ndipo mphunzitsi akanena kuti masekondi 30 atsala, akhaledi 30. Pakuti amene amawonjezera mwakabisira, poganiza kuti akuthandiza, amataya chikhulupiriro cha ophunzira, ndipo tsiku lotsatira palibe amene adzapereke mtima wake wonse pa mawu ake.

Kuyeza kulimbika kwa munthu wina ndi nkhani yovuta, ndipo akatswiri aisinkhasinkha kwa zaka zambiri. Gunnar Borg wa ku Sweden anakonza muyeso woyambira pa 6 kulekeza pa 20, umene munthu amanena yekha mmene akumvera kutopa, ndipo aphunzitsi ambiri lero amagwiritsa ntchito wina wofupika, wolekeza pa 10. Ena amadalira kugunda kwa mtima, natsata lamulo lakale lakuti malire a mtima wa munthu amapezeka pochotsa zaka zake pa 220. Koma lamulo limeneli lingaphonye ndi kugunda 10 kapena kuposerapo, ndipo mu 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anapereka lina, lochotsa pa 208 zaka za munthu zitachulukitsidwa ndi 0.7, limene kwa munthu wa zaka 60 limapereka 166 m'malo mwa 160. Kuwonjezera apo, mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachedwetsa mtima, kotero kuti bambo amene akuwamwa angakhale atatopa kwenikweni pamene chipangizo cha padzanja pake chikuonetsa ngati akusewera. Njinga zatsopano zimaonetsa mawati, ndiwo muyeso wa mphamvu yeniyeni imene miyendo ikupereka, ndipo ndi chida chabwino kwambiri kwa amene wachiphunzira. Komabe mawati 150 ndi kupumula kwa mnyamata wamkulu thupi, pamene kwa gogo wochepa thupi ndi phiri. Mphunzitsi wanzeru amadziwa miyeso yonseyi, koma salola uliwonse kumulanda maso, pakuti nkhope yotuwa, mutu wogwa, ndi kupuma kumene sikukubwerera m'malo pa nthawi yopumula zimanena zoona msanga kuposa manambala.

Phunziro lililonse liyenera kukhala ndi cholinga chimodzi, chimene mphunzitsi angachinene m'chiganizo chimodzi asanayambe, ndipo ndondomeko ilembedwe nyimbo zisanasankhidwe, osati nyimbo ndizo zilamule ndondomeko. Payenera kukhala mphindi 8 kapena 10 zotenthetsa thupi poyamba, ndi mphindi zingapo zoziziritsa pomaliza, kuti magazi asaunjikane m'miyendo munthu n'kuchita chizungulire potsika. Pakati pakepo, cholakwa chofala ndicho kuyesa kuti phunziro labwino ndi limene lasiya anthu ali thapsa. Dzina la Tabata limatchulidwa kawirikawiri m'zipindazi: mu 1996 Izumi Tabata wa ku Japan anasindikiza kafukufuku wa anyamata ozolowera masewera amene ankapalasa masekondi 20 ndi mphamvu zawo zonse, napumula masekondi 10, maulendo 7 kapena 8, zonse pamodzi mphindi pafupifupi 4, ndipo pakutha pake analibenso china chopereka. Mphunzitsi amene amaika zoterezi kanayi m'phunziro limodzi, kwa anthu a misinkhu yosiyanasiyana, watenga dzina lokha nasiya chimene linkatanthauza. Thupi limalimba pa nthawi yopumula, ndipo wophunzira amene amabwera katatu pa mlungu ayenera kupeza tsiku la mapiri, tsiku la liwiro, ndi tsiku la ulendo wautali wodekha, umene ambiri amaupeputsa ngakhale kuti ndiwo umamanga mtima ndi mapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za masewera a pakatikati, kapena 75 mpaka 150 za masewera olimba, ndipo manambala amenewa amafikidwa ndi munthu amene amabwerabe chaka chonse, osati amene anathodwa mwezi woyamba. Kuthamanga sikufika.

Za nyimbo ndinena mwachidule, ngakhale aphunzitsi ambiri amathera maola ochuluka pa izo kuposa pa china chilichonse. Costas Karageorghis wa pa yunivesite ya Brunel ku London, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti nyimbo imachepetsa kumva kutopa pamene munthu akulimbika mwapakatikati, koma mphamvu yakeyo imachepa pamene wafika pafupi ndi malire ake. Kugunda kwa nyimbo kuyenera kugwirizana ndi miyendo: yogunda maulendo 90 pa mphindi ndi ya pa chidikha, yogunda 130 kapena 140 imapalasidwa mwa theka, nikhala ya chitunda cha 65 kapena 70, ndipo mphunzitsi amene amaidziwa nyimbo yake kotero kuti kusintha kwa ulendo kumagwera pamene nyimbo nayonso ikusintha, amapulumutsa mawu ambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi phokoso. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito, la NIOSH, limanena kuti phokoso la madesibelo 85 munthu angalipirire maola 8, koma la madesibelo 100 mphindi 15 zokha. Ndipo ofufuza a ku Boston amene anayeza phokoso m'zipinda zoterezi anapeza kuti linkapyola 100 kwa gawo lalikulu la phunziro. Wophunzira amamva phokosolo kawiri kapena katatu pa mlungu, koma mphunzitsi amalimva tsiku ndi tsiku, akufuula pamwamba pake kufikira mawu atasasa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ndipo makutu amene awonongeka ndi phokoso sabwereranso mwakale.

Nanga munthu amene wagwira kale ntchitoyi zaka zingapo, nazolowera njira zake, angakule bwanji? Njira imene ndiiona yopambana zonse, ngakhale imafuna kulimba mtima, ndiyo kutsika pa njinga. Mphunzitsi amene waphunzitsa phunziro lathunthu ali pansi, akuyenda pakati pa mizere, amazindikira msanga kuchuluka kwa zimene ankaziphunzitsa ndi miyendo yake m'malo mwa pakamwa pake, pakuti tsopano palibe womutsanzira, ndipo mawu okha ndiwo ayenera kusenza katundu yense. Ali pansipo amaona zimene patsogolo sizioneka: phazi limene lalowa mokhota m'chomangira, msana wopindika wa munthu amene mahandulo amutalikira, kachitsulo kamene dzanja limangokagwira osakapotokola. Angathe kutseka maikolofoni, nawerama pafupi ndi munthu mmodzi, namuuza motsitsa kuti, "Achimwene, tsitsani mapewa, onjezani pang'ono," popanda kumuchititsa manyazi pagulu. Ndipo asamugwire thupi kapena kumupotokolera kachitsulo popanda chilolezo chake, pakuti kulemera kwa mapedulo mwini wake ndiye amakudziwa.

Njira yachiwiri ndiyo kudzijambula pa foni ndi kudzimvetsera. Ndi zowawa ndithu kumva mawu amodzimodzi akubwerezedwa kosalekeza, kuona kuti maso ako amangoyang'ana mzere wakutsogolo kumene kuli okondedwa ako, kapena kuti malangizo amafika kusintha kutachitika kale. Koma palibe mnzako amene angakuuze zimenezi mosabisa monga vidiyo imachitira. Pambali pa zimenezi, mphunzitsi azikakhala wophunzira m'zipinda za anzake, ngakhale za amene sagwirizana nawo kaphunzitsidwe, akhale pa njinga ya kumbuyo, namve mmene zimakhalira kusamva bwino malangizo. Ndipo apemphe mphunzitsi wamkulu kuti adzakhale m'phunziro lake ndi kumuuza zoona, pakuti safunsa anadya phula. Ngati kungatheke azipalasanso njinga pamsewu, kuti pamene akunena za chitunda azinena chimene miyendo yake inachidziwa. Maphunziro a chithandizo choyamba, a kutsitsimutsa mtima umene waima, ndi a kagwiritsidwe ntchito ka makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi, ayenera kubwerezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo mphunzitsi adziwe pamene makinawo apachikidwa m'nyumbamo asanafunike.

Masewerawa asintha kwambiri chiyambire masiku a Johnny G. Kampani ya SoulCycle, imene inayamba ku New York mu 2006, inabweretsa zipinda zamdima, makandulo ndi kupalasa kotsata nyimbo monga gule. Kampani ya Peloton, imene inakhazikitsidwa mu 2012, inaika mphunzitsi pa kanema m'nyumba za anthu, kotero kuti mmodzi angaphunzitse zikwi pa nthawi imodzi. Aphunzitsi ambiri a m'zipinda zazing'ono amaona akatswiri a pa kanemawo, nayesa kutengera kalankhulidwe kawo ndi kavinidwe kawo, ndipo m'menemo muli zina zoyenera kuphunzira, makamaka kukonzekera bwino ndi kusunga nthawi. Komabe zina, monga kuchita masewera a manja pa mahandulo miyendo ili pa liwiro, ophunzitsa ambiri odziwa za thupi amazikana chifukwa zimachepetsa ntchito ya miyendo ndi kuika msana ndi mawondo pangozi. Koma katswiri wa pa kanema, ngakhale aone manambala a ophunzira ake, saona nkhope zawo kapena chishalo chawo. Zimenezo zatsalira mphunzitsi wa m'chipinda, ndipo n'zomvetsa chisoni akazitaya pofuna kufanana ndi amene alibe mwayi umenewo.

Chotero phunziro likatha, mphunzitsi asathamangire kumasula zingwe za zokuzira mawu. Aime pakhomo, afunse mlendo uja mmene akumvera m'miyendo, amukumbutse kumwa madzi ndi zizindikiro zija zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala, ndipo amulembere pa kapepala manambala a chishalo ndi mahandulo ake kuti ulendo wotsatira adzakonze yekha njinga. Ngati wina anatuluka phunziro lili mkati, atumize munthu kukamuona nthawi yomweyo, pakuti amene wayamba kumva chizungulire kapena kuwawa m'chifuwa kawirikawiri amathawira kuchimbudzi kuti asaonedwe. Kenaka, anthu onse atapita, atenge kope lake, alembe mayina atsopano amene waphunzira, gawo la ndondomeko limene linali lolemera kuposa mmene anaganizira, malangizo amene anthu sanawamvetse, ndi nambala ya njinga imene buleki yake ikufuna kukonzedwa lisanafike phunziro la mawa.